Manotsi anga asokonekera: kodi ndiwapatse manambala?

Funso: Bambo, ndine mtsikana amene ndikuchita digiri yachiwiri kuno ku Zomba, ndipo kafukufuku wanga ndi wokhudza asodzi a panyanja ya Chilwa. Manotsi anga onse ndimalemba mu pulogalamu yosungira manotsi ya Obsidian pa laputopu, ndipo tsopano apitirira 400: zimene ndinacheza ndi asodzi ku Kachulu, zimene ndawerenga, ndi maganizo anga. Mwezi watha ndinati ndikonze mayina a mafayilo chifukwa ndinali ndi "Kachulu", "Kachulu 2", "Kachulu yeniyeni" ndi ena otere. Ndinawasinthira mu foda ya pakompyuta. Nditatsegulanso pulogalamuyo ndinapeza malinki ambiri sakupitanso kulikonse. Mnzanga akuti ndizipatsa notsi iliyonse nambala yakeyake. Nambala yake yotani? Nanga sindisokonekera koposa, poti ine manambala sindiwasunga m'mutu?

Yankho: Achemwali, mtima ukhale pansi kaye, palibe notsi imene yatayika. Zonse munalemba zija zilipo, chaduka ndi njira yochokera pa notsi ina kupita pa inzake. Mnzanuyo wanena zoona, koma ndikufuna mumve chifukwa chake musanayambe kumata manambala paliponse, poti ndaona anthu akuyika manambala n'kusokonekerabe chimodzimodzi.

Obsidian imasunga notsi iliyonse ngati fayilo wamba ya mawu, ya mtundu wa Markdown. Mukalemba [[Kachulu 2]] mkati mwa notsi ina, palibe chingwe chobisika chimene chamangidwa. Mwangolemba dzina la fayilo pakati pa mabulaketi, ndipo mukadina pamenepo pulogalamu imapita kukafunafuna fayilo ya dzina limenelo. Mukasintha dzina muli mkati mwa Obsidian, iyo imayendera manotsi onse amene anatchula dzina lakalelo n'kuwakonza. Inu munasinthira kunja, iyo isakudziwa. Kwa iyo, fayilo ina inasowa ndipo ina yachilendo inafika. Sinadziwe kuti ndi munthu yemweyo wangovala malaya ena.

Gwero la vutoli ndi lakuti timalisenzetsa dzina katundu wamitundu iwiri. Timafuna litiuze kuti mkatimo muli chiyani, timafunanso litiuze kuti fayiloyo ndi iti pakati pa zinzake. Ntchito yoyamba ija imafuna dzina losinthasintha, chifukwa maganizo anu pa nkhaniyo akukula: notsi imene munkayiona ngati ya mitengo ya matemba, patapita miyezi itatu mwazindikira kuti kwenikweni ndi ya ngongole zimene asodzi amatenga kwa ogula nsomba. Yachiwiriyo imafuna chinthu chosasunthika. Ziwirizi sizingakhale m'chinthu chimodzi popanda kukangana.

Taganizani za mayi mmodzi wa kumudzi kwanu. Ali mwana anali ndi dzina lake, kusukulu analembetsa lina, atakwatiwa anatenga la bambo a kunyumba, lero mudzi wonse umamuitana ndi dzina la mwana wake woyamba, ndipo akuluakulu amangomutchula ndi mfunda. Mayina onsewa ndi oona. Komanso m'boma la Zomba lokhali muli amayi ambirimbiri amene dzina ndi mfunda n'zofanana ndi zake. Pamene boma linkalembera anthu ziphaso za unzika mu 2017, silinadalire dzina, linapatsa aliyense nambala. Nambalayo sinena kuti mayiyo ndi wamtali kapena amalima mpunga. Singasinthe iye akasamuka kuchoka kwa Mwambo kupita ku Chinamwali. Ndipo mayiyo sayenda akuyiloweza pamtima, amangotulutsa chiphaso akafunsidwa. Nkhawa yanu yoti manambala simuwasunga m'mutu ithere pomwepa: nambala ya notsi si yoti inu muziyikumbukira, ndi yoti kompyuta iziyipeza.

Tsono nambala yabwino ndi imene sinapatsidwepo kwa notsi ina, imene simudzayisintha ngakhale zitavuta bwanji, ndiponso imene sinena kanthu za nkhani ili mkatimo. Mfundo yomalizayi ndi imene ophunzira ambiri amandikanira. Amafuna kulemba zinthu ngati MUTU2-ASODZI-07 poti zikuoneka zadongosolo. Zimayenda bwino mpaka tsiku limene aphunzitsi oyang'anira kafukufuku anena kuti mutu wachiwiri ukhale wachinayi, ndipo zimenezi zimachitika pafupifupi kwa aliyense. Pamenepo mwina musiya nambala yonama, imene ikuti mutu 2 pamene nkhani ili mu mutu 4, kapena muyisintha n'kudulanso malinki. Chilichonse chimene chingasinthe, kaya mutu, kaya gulu la nkhani, kaya mawu oti "yomaliza", chisalowe mu nambala.

Njira imene ndikukulangizani ndi ya tsiku ndi nthawi. Notsi imene mwayamba pa 14 Malichi 2025 nthawi ya 10:25 m'mawa ikhala 202503141025: chaka, mwezi, tsiku, ola, mphindi, osadumpha ziro aliyense, ndipo maola muziwerenga mpaka 24. Simufunika kaundula woonera kuti nambala yomaliza inali iti, wotchi ndiyo ikukupatsani, ndipo mphindi imeneyo sidzabweranso. Chaka chimayamba dala. Ife tinazolowera kulemba 14-03-2025, koma kompyuta imasanja mayina poyang'ana chilembo choyamba, ndiye ingaike 14 Malichi pafupi ndi 14 Okutobala, 2 Epulo n'kukhala kwina. Mukayamba ndi chaka, mafayilo amadzindandalika okha monga mwa nthawi imene munawalemba. Kalembedwe koyamba ndi chaka kameneka ndi kamene kali mu muyezo wa padziko lonse wa ISO 8601. Mu Obsidian simuchita kutayipa pamanja: pitani ku "Settings", pa "Core plugins" muyatse "Unique note creator", ndipo notsi iliyonse imene mwatsegulira pamenepo imabadwa ndi manambala 12 amenewa.

Wina angakufunseni kuti, nanga tsikulo si tanthauzo? Ndi tanthauzo ndithu, koma losasintha, ndipo musalidalire ngati umboni. Ngati munacheza ndi msodzi Lachiwiri n'kulemba notsi Lachisanu, nambala ikhala ya Lachisanu, tsiku lenileni la kuchezako mulilembe mkati. Mukadzazindikira kuti wotchi ya laputopu inali yolakwika, musakonze nambala, isiyeni. Chimene muyenera kuchenjera nacho ndi laputopu yakale imene kabatire kake ka wotchi kanatha mphamvu, yomwe magetsi akathima imadzuka ili pa tsiku la zaka zam'mbuyo, tsiku lomwelomwelo nthawi zonse. Imeneyo ikhoza kukupatsani nambala imodzi kawiri. Mukamalemba manotsi ambiri motsatizana, kapena pa foni ndi pa laputopu, onjezani masekondi akhale manambala 14, monga imachitira pulogalamu ya Zettlr. Mukadzagwira ntchito ndi anzanu m'foda imodzi, aliyense aziika chilembo chake kumapeto.

Pali mitundu ina iwiri ya manambala imene mudzakumana nayo mukamawerenga za nkhaniyi.

Woyamba ndi wa Niklas Luhmann, katswiri wa za chikhalidwe cha anthu wa ku Germany amene ankaphunzitsa pa yunivesite ya Bielefeld ndipo anamwalira mu 1998. Iyeyu anasiya timakhadi tamapepala pafupifupi 90,000 m'mabokosi amatabwa, ndipo dzina la Chijeremani la bokosi lotere, Zettelkasten, ndi limene lafala pakati pa okonda manotsi lero. Kakhadi kalikonse kanali ndi nambala yosasintha. Akafuna kupitiriza ganizo la pa khadi 21/3, khadi latsopano ankalitcha 21/3a n'kulilowetsa kumbuyo kwake, ganizo lina likaphuka pamenepo n'kukhala 21/3a1, choncho nthambi zinkangomera. Nzeru yake inali yoti khadi silisamuka, ndipo pa khadi lina angathe kungolemba nambala ya linzake lili kutali. Koma musaiwale kuti ankagwiritsa ntchito mapepala, ndiye nambala inkamuuzanso malo amene dzanja lipite m'bokosi. Kompyuta ilibe vuto limenelo. Ndaona achinyamata akutha madzulo onse akusinkhasinkha ngati notsi yatsopano ikhale 4b2 kapena 4c, nthawi imene akanalemba ndime ziwiri za kafukufuku. Tengani ganizo lake la nambala yosasuntha, nthambizo musiyire malinki.

Wachiwiri ndi UUID, chingwe chachitali cha zilembo ndi manambala 32 chogawidwa zigawo zisanu ndi timizere tinayi. Mtundu wofala kwambiri umangopangidwa mwachisawawa, ndipo kuchuluka kwa manambala otheka n'kwakukulu kotero kuti makompyuta awiri osadziwana angathe kumapanga awoawo popanda mantha oti agundana. Mapulogalamu ambiri amagwiritsa ntchito manambala amtunduwu mobisa. Mu Joplin notsi iliyonse ili ndi nambala yake ya zilembo 32 ndipo linki imaloza nambalayo, choncho mutu mungausinthe kakhumi osadula kanthu. Notion nayo imayika nambala yotere kumapeto kwa adiresi ya tsamba lililonse. Ubwino wake ndi woonekeratu. Kuipa kwake n'kwakuti simungayilembe m'mphepete mwa kope muli m'bwato kupita ku chilumba cha Chisi, simungamuwerengere mnzanu pa foni, ndipo tsiku lochoka pa pulogalamuyo kupita pa ina muyenera kuonetsetsa kuti malinki atuluka bwino. Musasamuke pa Obsidian chifukwa cha zimenezi ayi. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo amene amasintha pulogalamu pakati pa kafukufuku amatha mwezi akusamutsa katundu.

Dzina la fayilo likhale nambala kenako mawu ochepa: "202503141025 Ngongole za asodzi kwa ogula matemba". Alipo amene amati dzina likhale nambala yokha, mutu ukhale mkati. Linki yotere siduka, n'zoona, koma mukatsegula foda mumangoona mzere wa manambala ngati ndandanda ya zotsatira za mayeso, osadziwa chili chonse. Ine ndimasankha zonse ziwiri. Dziwani kuti mu Obsidian linki idzakhalabe ikuloza dzina lonse, ndiye mukadzasinthiranso kunja idzadukabe. Kusiyana kwake n'kwakuti pa linki yodukayo padzakhala nambala, mukayifufuza ipezeka fayilo imodzi yokha, ndipo kukonza ndi ntchito ya masekondi. Lero mukuvutika chifukwa "Kachulu 2" sakukuuzani kuti anasanduka ndani. Nambala yomweyo muyilembenso mkati mwa notsi, pamwamba, kuti ngakhale dzina la fayilo litawonongeka potumiza, notsiyo izidziwikabe.

Apa ndiime pang'ono pa zimene zimatigwera ife olemba m'Chichewa, zomwe malangizo ochokera kunja satchula. Mawu athu ali ndi kachizindikiro ka m'mwamba kaja, ka mu "m'mudzi" ndi "ng'ombe". Kwa ife ndi kamodzi, koma kompyuta ili ndi tiwiri: kowongoka kamene kiyibodi ya laputopu imalemba, ndi kopindika kamene Word ndi mafoni ena amalowetsa okha. Pamaso n'tofanana, koma kwa makina "ng'ombe" ziwirizi ndi mawu osiyana, ndipo linki ikhoza kukana inu mukuona kuti zonse zili bwino. Chimodzimodzi chilembo cha ŵ. Wina alemba Malaŵi, wina Malawi, ndipo ngakhale ŵ yemweyo makina angathe kumusunga ngati chilembo chimodzi kapena ngati w ndi kachipewa kake padera, zimene zimavuta fayilo ikachoka pa kompyuta ya mtundu wina kupita pa ina. Onjezani l ndi r: lero mwalemba Chilwa, chikalata chakale chikuti Chirwa kapena Shirwa. Zonsezi zimasokoneza dzina, koma nambala sizimayikhudza. M'dzina la fayilo pewani timazizindikiro timeneti pamene mungathe, ndipo Windows payokha imakana izi: \ / : * ? " < > |. Malembedwe ena a dzina lomwelo muwaike pa "aliases", malo olembapo mayina ena a notsi, pamwamba pa notsiyo, kuti mukatayipa lililonse mwa iwo notsi yomweyo ibwere.

Chinthu china chimene sindingachilekerere: mayina a asodzi amene munacheza nawo asapezeke m'dzina la fayilo kapena m'malinki. Munawalonjeza chinsinsi, ndipo ena anakuuzani zinthu zimene zingawaike m'mavuto, monga za maukonde oletsedwa. Dzina la fayilo limaonekera paliponse: pa fulashi imene mwabwereka mnzanu, pa kompyuta ya pamalo osindikizira mapepala, pa sikirini pamene mukuonetsa ntchito yanu m'kalasi. Munthu aliyense mumupatse nambala yake, monga M017, ndipo mndandanda wolumikiza nambala ndi dzina ukhale pamalo ena otsekedwa ndi pasiwedi, kunja kwa foda ya manotsi. Onani kuti M017 ndi nambala ya munthu, pamene 202503141025 ndi ya notsi. Mukacheza ndi munthu yemweyo katatu, manotsi ndi atatu, munthu ndi mmodzi. Ngati mndandandawo mukuusunga mu Excel, danga la manambala a manotsi mulisandutse la "Text" musanayambe kulemba, apo ayi manambala 12 aja adzaoneka ngati 2.02503E+11.

Nambalayo ituluke mu pulogalamu, ifike pa zinthu zonse za notsiyo. Mawu amene munajambula pa foni, chithunzi cha zimbowera (tinyumba toyandama ta asodzi), fayilo imene munatayipamo zokambirana, zonse ziyambe ndi nambala imodzi, kusiyana kukhale kumapeto kokha. Musakhulupirire mayina amene foni imapereka. Zithunzi za pa WhatsApp zimabwera ndi mayina ngati IMG-20250314-WA0003, ndipo zimaoneka ngati zili kale ndi nambala yakeyake, koma tsikulo ndi limene chithunzi chinafika pa foni imeneyo, ndipo kuwerengako kumayambiranso tsiku lililonse pa foni iliyonse. Foni yanu ndi ya wokuthandizani kafukufuku zingathe kutulutsa dzina limodzi pa zithunzi ziwiri zosiyana, mukaziika m'foda imodzi china n'kufafaniza chinzake. Makope anu akumunda nawo muwalembe K1, K2, K3 pachikuto ndi kuika manambala pa masamba. Mu notsi muzilemba K3/47, ndipo pa tsamba 47 la kopelo mulembe ndi cholembera nambala ya notsi. Mukatero njira ilipo yopita ndi yobwerera.

Zimenezi si zachilendo kwa ife a ku Zomba. Mukapita ku National Archives, nkhokwe ya zikalata zakale za dziko lino imene ili mumzinda mwathu muno kuyambira 1947, simupempha "fayilo ya nyanja ya Chilwa". Mumapeza nambala yake m'kaundula n'kuyilemba pa pepala lopemphera, ndipo nambala imeneyo ndi imene olemba mbiri amatchula m'mabuku awo kuti wina akayipeze patapita zaka makumi. Mukajambula chikalata kumeneko, nambala yawo ija muyikopere mu notsi ndendende, pambali pa nambala yanu. Chimodzimodzi DOI ya nkhani ya m'magazini a kafukufuku, imene nthawi zonse imayamba ndi 10, ndi ISBN ya buku. Manambala amenewo ndi a chinthu chimene mwawerenga, yanu ndi ya zimene inu mwalemba za chinthucho.

Za malinki enieniwo ndinenepo chimodzi chimene ndimachiona kuti n'chofunika kuposa nambala. Linki yongoponyedwa pansi pa notsi, yopanda mawu, patatha chaka simudzadziwa chimene munayiyikira. Ilowetseni m'chiganizo. Lembani kuti: zimene ananena M017 zoti anthu anasamukira ku ulimi nyanja itauma mu 2018 zikusemphana ndi [[202503141025 Ngongole za asodzi kwa ogula matemba|nkhani ya ngongole ija]], pomwe akuti ambiri sakanatha kuchoka. Kamzere koimirira kali pakatipo kamachititsa kuti powerenga muziona mawu a kumanjawo okha, nambala n'kubisika. Chiganizo chotere ndi theka la ndime ya mutu wanu wa zotsatira. Ndipo mukatsegula gawo la "Backlinks" pa notsi ya ngongoleyo, mudzaona manotsi onse amene anayitchula pamodzi ndi mawu ozungulira. Ngati nyanjayo munayilembapo za kuuma kwa 1968, kwa 1995 ndi kwa 2018 m'manotsi osiyana, ndi pamenepa pamene zidzayambe kuyankhulana. Mukafuna kuloza ndime imodzi m'kati mwa zokambirana zazitali, Obsidian imalola kuipatsa ndimeyo kanambala kake koyamba ndi chizindikiro cha ^, koma imeneyi ndi njira yake yokha, mapulogalamu ena sangaimve, ndiye muziigwiritsa ntchito mwa apo ndi apo.

Tibwere ku manotsi 400 amene ali m'manja mwanu lero. Musanakhudze kanthu, koperani foda yonse pa fulashi, ndi penanso. Ngati muli ndi kope la foda lomwe munakopera musanasinthe mayina aja, mwayi wanu: litseguleni pambali, likuuzani kuti "Kachulu 2" inali iti. Kenako pa "Files and links" muyatse "Automatically update internal links". Malinki oduka amaoneka otuwa kusiyana ndi amoyo. Musawadine, chifukwa mukadina Obsidian ipanga notsi yatsopano yopanda kanthu ya dzina lakalelo, chisokonezo n'kuwonjezeka. Pa linki yoduka iliyonse, pezani fayilo imene inali ndi dzinalo, muibwezere dzina lakale kwa kanthawi kuti malinki onse agwirenso, kenako muisinthe kukhala ya nambala muli mkati mwa pulogalamu, podina F2. Mukatero malinki onse oloza fayiloyo akonzeka nthawi imodzi, simuchita kuyenda notsi ndi notsi.

Kwa manotsi akale, nambala muitenge pa tsiku limene mukuganiza kuti munalemba, ola ndi mphindi mungoika zilizonse zimene sizinagwiritsidwe ntchito. Musatayepo nthawi kufuna tsiku lenileni. Ndiponso musati mumalize onse 400 sabata ino. Yambani ndi zokambirana ndi asodzi, poti ndizo zimalozedwa kwambiri ndiponso ndizo zili ndi mayina a anthu ofunika kuchotsa. Enawo muziwapatsa nambala tsiku limene mwawatsegula pa ntchito ina. Mukagawa notsi imodzi kukhala ziwiri, yakale isunge nambala yake, yatsopano ilandire ina. Mukaphatikiza ziwiri, nambala ya imene yafayo isapatsidwe kwa wina: isiyeni ndi mzere umodzi wonena kumene nkhani yake yapita. Ndipo mukakopera notsi kuti ikhale poyambira ina, chinthu choyamba kusintha ndi nambala ili pamwamba ija, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amapezeka ali ndi manotsi awiri a nambala imodzi.